Mlandu wa Mbale Ziwiri

M'mwezi wa June chaka chathachi, pamene chiperoni chidaphimba phiri la Soche ndipo kuzizira kunkalowa mpaka m'mafupa, ndidakhala masabata asanu ndi limodzi kunyumba kwa mwana wanga wamkazi mumzinda wa Blantyre, osati pofuna kucheza kokha ayi, koma chifukwa madokotala, atandimanga lamba pamkono katatu pa masiku osiyana, adandiuza kuti magazi anga akuthamanga kopyola muyeso, ndi kuti shuga nayenso wafika pakhonde ngakhale sadalowe m'nyumba. Munthu akamva mawu otere tsitsi litachita mbuu, maso ake amatseguka pa zinthu zimene adakhala akuziona zaka zambiri osazipenya. Ndipo ine, amene moyo wanga wonse ndidadya chimene adandiikira popanda kufunsa, ndidayamba kulabadira zolowa m'kamwa mwanga ndi m'kamwa mwa iwo amene ndimawakonda.

M'nyumba imeneyo mfisulo udali wa mitundu iwiri. Mkamwini wanga, munthu wofatsa ndi waulemu, amene amalawira m'mamawa kukayang'anira amisiri omanga nyumba, ankadya masoseji awiri okazinga pamodzi ndi buledi ndi tiyi. Pamene mwana wanga ndi mdzukulu wanga, mnyamata wa zaka khumi ndi ziwiri, ankakhuthulira m'mbale chakudya cha timibulu tofiirira chotchedwa granola, nathira mkaka wozizira, nadya ndi supuni. Mkazi ankati mwamuna wake akudziitanira matenda ndi nkhuli yake, mwamunayo nangomwetulira, nati munthu sangakwere makwerero dzuwa lonse atadya zotolatola ngati njiwa. Tsiku lina mnyamatayo adaika supuni pansi, nati, "Agogo, inu mudali aphunzitsi. Tatiweruzani: akudya bwino ndani, amayi kapena abambo?" Atate ake adamudzudzula ndi maso, natembenukira kwa ine, nati, "Pepani, Bambo, ndi chibwana chimenechi." Koma ine funsolo lidandigwira mtima, pakuti lidali langa lomwe, ndipo ndidawayankha kuti mlandu wa m'banja sauweruza uli chiimire, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndi kuti andibwereke mapaketi onse awiri pamodzi ndi sikelo yaing'ono imene mwana wanga amayezera ufa wa makeke.

Kwa amene sadamuonepo, granola ndi mbewu ya oats, mbale wake wa tirigu yomera kumayiko ozizira, imene amaipsinja kuti ikhale yaphwatalala, naisakaniza ndi mtedza wamitundumitundu, nthanga, zipatso zoumitsa, uchi kapena manyuchi a shuga, ndi mafuta ophikira, kenaka naiwotcha mu uvuni kufikira itauma gwa ndi kumatana timibulu. Soseji tonse tikuidziwa: nyama yogaya ya nkhumba kapena ya ng'ombe, yosakaniza ndi mafuta a nyamayo, mchere ndi zokometsera, ndipo kawirikawiri nyenyeswa za buledi kapena ufa wa soya ndi madzi, zonse zitaphatikidwa m'thumbo lotsuka kapena m'kachikopa kopanga.

Nditavala magalasi anga ndi kukhala pafupi ndi zenera, ndidawerenga timalemba tating'ono ta kuseri kwa mapaketi, timene ogula ambiri satiyang'ana nkomwe. Pa magalamu 100 a granola padalembedwa makalori 470, shuga magalamu 22, mafuta magalamu 18, zomanga thupi magalamu 11, ndi faiba magalamu 8. Pa magalamu 100 a soseji padalembedwa makalori 300, mafuta magalamu 25, mwa iwo 10 a mtundu uja woundana, zomanga thupi magalamu 14, mchere magalamu 2, shuga pafupifupi palibe, faiba palibe. Ndidadabwa kuona kuti chakudya chopepuka chija, chimene mkamwini ankachiyesa cha njiwa, chikuposa nyama pa mphamvu yonenepetsa. Koma chifukwa chake sichovuta, pakuti pafupifupi theka la soseji yaiwisi ndi madzi, pamene granola moto udamukamula madzi onse, natsala mbewu, shuga ndi mafuta okhaokha, ndipo galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9 pamene ya shuga kapena ya zomanga thupi imapereka 4.

Chimene chidandidzidzimutsa koposa chidatuluka pa sikelo. Paketi ya granola idanena kuti munthu mmodzi adye magalamu 45, ndipo nditayeza muyeso umenewo ndidapeza kuti sudzaza ngakhale manja awiri a mwana. Tsono ndidauza mdzukulu wanga kuti akhuthule monga amachitira masiku onse, osandiyang'ana, ndipo singano idaima pa magalamu 120. Tidawerengetsa limodzi pakapepala, iye akuchulukitsa ine ndikuyang'anira, ndipo tidapeza makalori oposa 560 mkaka usanalowemo, ndi shuga magalamu 26, ndiko kuti masupuni a tiyi oposa asanu ndi limodzi. Gawo lina la shugayo ndi la zipatso zoumitsa, n'zoona. Komabe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wochita kuthira, pamodzi ndi uchi, asapose magalamu ngati 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndi kuti kutsikira pa 25 n'kwabwino koposa. Palibe mayi amene angaime chete mwana wake akuthira masupuni asanu ndi limodzi a shuga m'phala. Koma shuga yemweyo akabisala m'timibulu tokhala m'paketi yojambulidwa ngala za mbewu ndi dzuwa lotuluka, mayiyo amakondwa kuti mwana akudya zaumoyo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana wanga, amene adaimirira kumbuyo kwathu akupukuta manja, sadayankhule kanthu, koma ndidaona kuti mawu amupweteka, pakuti paketi imeneyo ankaigula ndi ndalama zambiri ndi mtima wachikondi.

Mkamwini sadapulumuke ayi. Masoseji ake awiri adalemera magalamu 110, ndiye kuti mchere woposa magalamu 2, pamene muyeso wa WHO ndi wakuti munthu asafike magalamu 5 pa tsiku lathunthu, ndiko kuti supuni ya tiyi imodzi yosadzaza. Ndipo pa mcherewo tiwonjezepo wa m'buledi, wa m'ndiwo za nkhomaliro, wa pa tchipisi cha pachiwaya, ndi wa mgonero. Mmawa umenewo ndidapempha kuti chiwaya chokazingiramo asachitsuke, achisiye pakhonde. Ndipo pofika nthawi ya nkhomaliro ndidaitana mnyamata uja kuti adzaone. Mafuta aja amene ankawira ngati madzi adali atauma, atayera ngati kandulo, kotero kuti adalembapo dzina lake ndi chala. Sindikunena kuti mafuta amaundana chomwecho m'mitsempha ya munthu, pakuti thupi n'lofunda ndipo lili ndi njira zake. Koma mafuta a mtundu umenewu, amene amalimba akazizira, ndiwo amakweza kolesterolo woipa m'magazi, ndipo kolesteroloyo, pa zaka zambiri, amakanirira m'makoma a mitsempha monga dothi lotsekera ngalande, kufikira tsiku limene magazi alephera kufika kumtima kapena ku ubongo. Mchere nawonso umasunga madzi m'thupi, nukweza kuthamanga kwa magazi, mtima nugwira ntchito ya anthu awiri usiku ndi usana. Kafukufuku amene adachitika m'dziko muno mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse magazi ake amathamanga kopyola muyeso, ndi kuti ochuluka mwa iwo sankadziwa. Ine ndidali mmodzi wa osadziwawo kwa zaka zimene sindingathe kuziwerenga, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma.

Komatu mchere wa m'soseji sudalowemo mwa njiru. Dzina lenilenilo la soseji lidachokera ku mawu a Chilatini otanthauza chothiridwa mchere, ndipo kwa zaka mazana ambiri anthu a ku Ulaya, akapha nkhumba polowa nyengo ya chisanu, ankagaya tizidutswa totsala, nathira mchere, nafukiza utsi, kuti pasatayike kanthu ndi kuti ana adye nyama m'miyezi imene nthaka yagona pansi pa chipale. Nzeru yake ndi yomweyo ya makolo athu powamba nyama ndi nsomba pamoto, kapena ya amayi athu pofutsa nkhwani ndi chitambe. Mcherewo udali mlonda wa chakudya pa nthawi ya usiwa. Lero m'nyumba zambiri za m'tauni muli firiji, nyama yaiwisi ikupezeka tsiku lililonse, ntchito ya mlondayo idatha. Koma lilime lidamuzolowera, ndipo chimene chinkadyedwa mwa apo ndi apo pa nthawi ya chisanu chasanduka cha mmawa uliwonse.

Mu October 2015 akatswiri a bungwe lofufuza za khansa la IARC, limene lili ku Lyon m'dziko la France, adaika nyama yokonzedwa ndi mchere, utsi kapena mankhwala osungira m'gulu loyamba la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa, nanena kuti magalamu 50 a nyama yotere tsiku ndi tsiku amakweza chiopsezo cha khansa ya m'matumbo ndi magawo ngati 18 pa 100. Anthu ambiri adamva nkhaniyi molakwika, nayesa kuti soseji yafanana ndi fodya, popeza fodya nayenso ali m'gulu lomwelo. Koma gululo limanena za kutsimikizika kwa umboni, osati kukula kwa ngozi. Ngati pakati pa anthu 100 akadadwala 6, kudya kotereku kungawonjezepo mmodzi, nakhala 7. Kwa wowerengera chiwerengero, mmodzi ndi wochepa. Koma kwa banja limene mmodziyo atulukamo, ndiye mzati wa nyumba. Masoseji ofiira aja ophika kale, ma vienna ndi poloni, amene ana amawakonda ndi kuwadya osatenthetsa, amathiridwa mchere wina wotchedwa nitrite, umene umasunga maonekedwe ofiira ndi kuletsa tizilombo toopsa, koma ndiwonso umodzi mwa zimene akatswiri amazikayikira pa nkhani ya khansa. Ndipo sitidaiwale za ku South Africa mu 2017 ndi 2018, pamene matenda a listeriosis, ochokera m'poloni, adagwira anthu oposa 1,000 napha oposa 200, ambiri mwa iwo makanda, mpaka mayiko oyandikana nawo, ife tomwe, adaletsa nyama zotere kulowa. Ndinenenso mwachilungamo kuti masoseji sali amodzi onse: lamulo la ku South Africa limati soseji yotchedwa boerewors ikhale ndi nyama yosachepera magawo 90 pa 100 ndi mafuta osaposa 30, pamene masoseji otchipa ambiri ndi ufa, madzi, mafuta ndi mchere, nyama ili m'dzina mokha.

Mbiri ya granola idandifikitsa kwathu mosayembekezera. Ine ndidakulira ku Thyolo, kufupi ndi Makwasa, ndipo anansi athu kutsidya kwa khwawa adali a mpingo wa Seventh-day Adventist, ophunzira ku Malamulo, mishoni imene mpingowo udayamba kugwirapo ntchito mu 1902. Tili ana tinkadabwa nawo, kuti anthu okhala pakati pa minda ya tiyi samwa tiyi, ndi kuti pa ukwati nkhumba ikaphedwa iwo amangodya nyemba ndi masamba, nkhope zili zowala ndithu. Sindidadziwe pa nthawiyo kuti chikhalidwe chawocho ndi chakudya cha m'paketi ya mwana wanga zidatumphuka pa kasupe mmodzi. Mu 1863, ku Dansville m'chigawo cha New York, dokotala wina dzina lake James Caleb Jackson, amene ankasunga odwala pa nyumba yochiritsira ndi madzi ndi chakudya, adaumba ufa wa tirigu wosachotsa gaga, nauwotcha, nauphwanya, nauwotchanso, nachitcha chakudyacho granula. Ndipo chidali cholimba kotero kuti ankachiviika mumkaka usiku wonse chisanadyeke. Ellen White, mmodzi wa oyambitsa mpingo wa Adventist, adakachezako mu 1864. Patapita zaka, John Harvey Kellogg, dokotala wa mpingowo amene ankatsogolera chipatala chawo ku Battle Creek m'chigawo cha Michigan, adapanga chakudya chofanana nacho, ndipo dzina litabutsa mkangano adasintha chilembo chimodzi, nachitcha granola. Amuna amenewa ankalimbana ndi mfisulo wa anthu a ku America a masiku amenewo, umene udali wa nyama ya nkhumba yamchere ndi zokazinga, ndipo chakudya chawo chidali ngati mankhwala, chosakoma ndi chosanyengerera lilime. Shuga adabwera pambuyo, pamene amalonda adaona kuti mankhwala sagulika koma zotsekemera. Mng'ono wake wa Kellogg yemwe, Will Keith, amene adakhazikitsa kampani yake mu 1906, adayambana ndi mkulu wake pa zinthu zingapo, ndipo china mwa izo chidali kuthira shuga m'zakudya za mmawa. Granola wa uchi ndi mafuta amene tikumuona lero adatchuka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Dzina la mankhwala lidatsala, koma cham'kati chidasendera kufupi ndi bisiketi.

Ndisamulakwire granola, pakuti ubwino ali nawo, ndipo ndi waukulu. Mu oats muli faiba ya mtundu wina yotchedwa beta-glucan, imene ikafika m'mimba imachita ntanthantha ngati therere, nigwira zina za ndulu zopangidwa ndi kolesterolo, nituluka nazo; ndipo umboni wake udakwanira kotero kuti mu 1997 boma la America lidalola opanga zakudya za oats kulemba pa mapaketi kuti zimathandiza mtima, muyeso wake ukhale magalamu 3 a faibayo pa tsiku. Mtedza ndi nthanga zili ndi mafuta osaundana, amene sauvutitsa mtima. Ndipo kafukufuku wa pakati pa a Adventist a ku California, wofalitsidwa mu 1992, adapeza kuti odya mtedza kasanu kapena kuposerapo pa sabata ankagwidwa ndi matenda a mtima mochepa ndithu kuposa osadya. Faiba imachedwetsa shuga kulowa m'magazi, imafewetsa chimbudzi, ndipo imateteza matumbo omwewo amene nyama yamchere imawaika pangozi. M'soseji faiba pafupifupi mulibe.

Pamenepa mtima wanga udalemera, chifukwa ndidakumbukira mtondo wa amayi anga. Faiba imene tikuitchula ndi dzina lachilendoyi ndi gaga. Tikakonola chimanga, napeta mphale m'lichero, naiviika masiku atatu, natsuka, nayanika, nagayitsa ufa woyera mbee, timakhala tachotsa khungu la njere ndi kamtima kake komwe, mmene muli faiba, mafuta abwino ndi mavitamini. Ndipo madeyawo timapatsa nkhuku ndi nkhumba. Mgaiwa tidauyesa chakudya cha kusukulu zogonera, cha kundende ndi cha chaka cha njala, kotero kuti mlendo akafika timachita manyazi kumuphikira. Tsono taonani mmene zinthu zatembenukira: gaga wathu tadyetsa nkhumba, nkhumbayo taigula ili soseji, ndipo gaga wa anthu ena, wowoloka nyanja, wopakidwa uchi, tikumugula pa mtengo umene kumudzi ungadyetse banja masiku angapo. Sindikunyoza mwana wanga. Ndine amene ndidamulera pa nsima yoyera, ndikunyadira kuti m'nyumba ya mphunzitsi simulowa mgaiwa.

Koma ndikadaima pomwepa ndikadaweruza mokhota, chifukwa mlanduwu uli ndi mboni ina imene sidali patebulo. Kumudzi kwathu kuli kamdzukulu ka mlongo wanga, kamtsikana ka zaka zinayi kooneka ngati ka zaka ziwiri, tsitsi lofiirira lopyapyala, maso aakulu ofatsa, kamene kamakhala phee pamphasa ana anzake akuthamangitsana. Kamadya phala la ufa woyera lamchere mmawa, nsima ya masamba masana, nsima ya masamba madzulo. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Mwana wotere mukamuikira mbale ziwiri zija, ine ndinganene mosazengereza kuti atenge soseji, ngakhale ndikadakonda dzira kapena usipa. Zomanga thupi za m'nyama n'zokwanira mbali zonse, ayironi wa m'nyama thupi limamulandira mosavuta kuposa wa m'mbewu ndi masamba, amene ngakhale tiyi womwera pa chakudya amamutchinga, zinki alimo, ndipo vitamini B12, wofunika ku magazi ndi ku mitsempha ya ubongo, mwachilengedwe amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama, mazira, nsomba ndi mkaka, osati mu oats kapena mtedza. Nkhuli imene timaiseka si umbombo nthawi zonse; nthawi zina ndi thupi likupempha chimene lasowa. Ife amene tidakula tikulawa nyama pa Khirisimasi ndi pa maliro tikudziwa chifukwa chake munthu akayamba kulandira malipiro amathamangira kubutchala, ndipo sindingamuweruze mkamwini wanga, amene adakula wamasiye, chifukwa chofuna kumva fungo la nyama m'nyumba yake mmawa uliwonse. M'Malembo muli Danieli ndi anzake, amene adakana zonona za patebulo la mfumu nakhala athanzi ndi zomera ndi madzi. Mulinso khamu lija la m'chipululu limene lidalirira nyama, zinziri nizigwa, ambiri nafa chifukwa cha kususuka. Koma mulinso tate amene adaphera mwana wake wobwerera mwanawang'ombe wonenepa, ndipo palibe adamutsutsa koma mkulu wake wansanje. Nyama ya pa chikondwerero ndi nyama ya tsiku ndi tsiku zimasiyana, ngakhale zichokere m'khola limodzi.

Usiku wina tulo titandithawa, ndidakumbukira kamba amene amayi ankandikonzera pobwerera kusukulu. Ankakhala pansi pafupi ndi mafuwa, phale lili pamoto, nakazinga chimanga chouma akuvundula ndi kamtengo kufikira chitafiira ndi kuyamba kuthetheka. Nakazinganso mtedza, atayamba ausankha njere imodziimodzi ndi kutaya wofota ndi wachuku, umene lero tikudziwa kuti umakhala ndi poizoni woononga chiwindi. Nawonjeza nthanga za maungu zowaza timadzi tamchere. Zonse nazithira m'chitini chakale, namanga pakamwa pake ndi kansalu. Chitini chimenecho chinkandisunga masabata atatu, ndikutapa dzanja limodzi madzulo alionse. Mbewu yathunthu, mtedza, nthanga, zokazinga pamoto kuti zisaonongeke: kodi ameneyu si granola, wopanda uchi ndi mafuta othira? Amayi anga sadamve za Dansville kapena Battle Creek, ndipo sadadziwe kulemba dzina lawo. Koma mawu a akulu akoma akagonera, ndipo ntchito za manja awo nazonso n'chimodzimodzi. Nzeru yomweyo ndiyo ili m'phala la Likuni, la chimanga ndi soya, limene lidayambira pa chipatala cha mishoni kufupi ndi Lilongwe ndipo lalera ana osawerengeka. Ndiyonso ili m'chiphunzitso cha magulu asanu ndi limodzi a zakudya chimene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa amayi kusikelo.

Loweruka lotsatira, tonse titakhala pansi, ndidapereka chigamulo changa, ndipo ndidayamba ndi kupepesa kwa onse awiri, pakuti mkulu woweruza ana ake amayenda pa minga. Ndidati ngati funso lili lakuti ndi chiti mwa ziwirizi chimene munthu wamkulu wa m'tauni, wokhuta kale, angadye mmawa uliwonse kwa zaka makumi awiri, granola apambana, malinga akhale wa shuga wochepa ndipo ayezedwe ndi dzanja limodzi, osati kukhuthula. Pakuti cholakwa cha granola chimachepa ukachepetsa muyeso ndi kusankha paketi bwino, ndipo chotsalacho ndi mbewu ndi mtedza, pamene soseji, ngakhale yabwino, mchere ndi mafuta oundana ndiwo thupi lake. Kwa mkamwini ndidati, "Achimwene, ntchito yanu ndi yolemetsa, ndipo nyama ikuyenerani, koma masoseji akhale a Loweruka, masiku enawo mazira awiri kapena nyemba zotsala dzulo zikugwirani mimba chimodzimodzi. Ndipo mupite akakumangeni lamba pamkono, musadikire kufika msinkhu wanga." Adawerama mutu, nawomba m'manja pang'ono, nati, "Ndamva, Bambo." Kwa mwana wanga ndidati ndalama ya paketi imodzi igule mgaiwa, mtedza ndi soya, ndipo yotsalayo itumizidwe kumudzi igule mazira ndi usipa za kamwana kaja. Mdzukulu wanga sadakhutire, chifukwa ankafuna kuti wina agwe wina apambane, monga pa mpira, adafunsa kuti, "Nanga inuyo, Agogo, muzidya chiyani?" Ndidamuuza kuti adzaone mawa.

Mmawa mwake ndidalowa ndekha kukhitchini, chinthu chimene sindidachite chimwalirireni mayi ake a ana anga, ndipo ndidaphika phala la mgaiwa, ndikuthira nsinjiro masupuni awiri litayamba kubwata, mchere kambinikambini wa pa nsonga za zala, shuga osathira, koma nthochi yakupsa yoduladula pamwamba. Fungo la mtedza litadzaza nyumba, mnyamatayo adabwera ndi mbale yake, nalawa, nakwinya nkhope pang'ono posowa kutsekemera kumene adazolowera, kenaka namaliza, napempha china. Papita miyezi khumi tsopano. Mankhwala anga ndikumwa mosadumphitsa, phala limenelo ndilo mfisulo wanga masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndipo soseji ndimadya imodzi ndikapita kwa ana anga, ndi chiyamiko, osadziimba mlandu.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, ndikupemphani zinthu ziwiri zosalira ndalama zambiri. Mukatenga paketi iliyonse m'sitolo, itembenuzeni, muwerenge mzere wa shuga, wa mchere ndi wa mafuta oundana pa magalamu 100, musanakhulupirire chithunzi cha kumaso kwake. Ndipo ngati mwapyola zaka makumi atatu osayezetsa kuthamanga kwa magazi, pitani kuchipatala chapafupi mwezi uno, mutenge ndi amuna anu kapena akazi anu.